Kodi Chenjezo la Ngozi Limawafika Anthu Aulumali ku Ntcheu?

Chaka chilichonse dzinja likayandikira, nthambi yoona zanyengo imalengeza momwe mvula ikuyembekezeka kugwera, ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imakumbutsa anthu okhala m'mphepete mwa mitsinje kuti asamukire kumtunda. Mauthengawa amaulutsidwa pa wailesi, amatumizidwa pa foni, ena amalengezedwa pa chimkuzamawu m'misika. Funso lomwe silifunsidwa mokwanira ndi ili: munthu wosamva, wosaona, wovutika kuyenda kapena wochedwa kumvetsa zinthu, uthengawo umamupeza bwanji? Nanga ukamupeza, angathe kuchitapo chiyani?

Funsoli ndi lotani kwenikweni

Akatswiri amati ndondomeko yochenjeza anthu ili ndi mbali zinayi. Pamafunika kudziwa ngozi zomwe dera limakumana nazo, kukhala ndi oyang'anira nyengo ndi mitsinje, kufalitsa uthenga, komanso kuti wolandira uthengawo athe kudzipulumutsa. Mbali ziwiri zoyambazo ndi ntchito ya zida ndi akatswiri. Ziwiri zomalizazo ndi ntchito ya anthu, ndipo m'pamene anthu aulumali amatsalira.

Uthenga sunafike chifukwa choti walengezedwa. Wafika ngati munthu waumva kapena kuuona, waumvetsa, waukhulupirira, ndipo ali ndi njira yochokera pamalo oopsawo nthawi isanathe. Chimodzi mwa izi chikasowa, kwa munthuyo kuli ngati sikunalengezedwe kanthu. Bambo wosamva amene wagona pamene wenzulo ikulira panja sanachenjezedwe. Mayi woyenda pa njinga ya olumala amene wamva zonse pa wailesi, koma njira yopita kusukulu yothawirako ili ndi chigwembe, nayenso sanathandizike.

Tizindikirenso kuti anthu aulumali si gulu limodzi. Chothandiza wosaona ndi mawu, koma mawu omwewo alibe ntchito kwa wosamva. Chikwangwani chimene wosamva angawerenge, wosaona sachiona. N'chifukwa chake palibe njira imodzi yofalitsira uthenga imene ingakwanire onse.

Ntcheu ndi ngozi zake

Boma la Ntcheu lili ndi nkhope ziwiri. Kumadzulo, kumalire ndi Mozambique, kuli mapiri ndi zitunda za Kirk Range, kumene kuli Lizulu ndi Tsangano, kwawo kwa mbatata ya kachewere ndi kabichi. Kum'mawa dziko limatsetsereka kulowa m'chigwa cha Bwanje, kumene kuli Kasinje, Sharpevale ndi Bilira. Mitsinje monga Livulezi ndi Rivirivi imachokera kumtundako.

Kapangidwe ka dziko kameneka n'kofunika pa nkhani yathu. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mtsinje wa Shire nthawi zambiri umakwera pang'onopang'ono, moti anthu amatha kuuona ukubwera. Mitsinje yotsika m'mapiri ilibe ulemu wotere. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, madzi amafika kuchigwa patangopita maola ochepa, nthawi zina usiku, nthawi zina pamene kuchigwako sikunagwe ngakhale dontho. Kudulidwa kwa mitengo m'mapiri kumawonjezera liwiro la madziwo, pakuti nthaka yopanda chofunda simwetsa madzi, ndipo mchenga wokokoloka umakwirira mitsinje mpaka madzi kuyamba kudzipangira njira m'minda ndi m'midzi. Nthawi yothawa ikachepa chonchi, woyamba kutsala ndi amene amafunika nthawi yochuluka kuti anyamuke.

Ntcheu inali m'gulu la maboma 15 amene Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti agwa m'ngozi mu Januwale 2015, ndipo madzi osefukira a mu Malichi 2019 anakhudzanso bomali. Koma ngozi za kuno si madzi okha. Mphepo yamkuntho imasasula madenga mvula ikamayamba, mphenzi zimapha anthu, ng'amba imawotcha chimanga kuchigwa. Mu 2018 damu la Mpira linaphwa, anthu a ku Ntcheu ndi Balaka amene amadalira mipope yake n'kuyamba kuyenda mitunda kusaka madzi. Ngozi ya mtundu umenewu simveka phokoso, koma kwa munthu woyenda ndi ndodo kapena wokwawa, mtunda wowonjezereka wopita kumjigo ndi nkhani ya moyo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu. M'dziko lonse, anapeza kuti 10.4 peresenti ya anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi theka la iwo ali ndi vuto la kuona. Anawerenganso anthu achialubino 134,636. Tikatengera chiwerengero cha dziko lonsechi, ndiye kuti ku Ntcheu kuli anthu aulumali oposa 50,000. Si anthu ochepa oti n'kuwakumbukira pomaliza.

Momwe malamulo ayendera

Lamulo loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'Malawi linakhazikitsidwa mu 1991, napolo atapha anthu ambiri ku Phalombe. Mtima wa lamulo limenelo unali pa kupereka thandizo ngozi itachitika kale: ufa, mabulangete, mapepala a pulasitiki. Za anthu aulumali, dziko linkayendera lamulo la 1971 lomwe linabala bungwe la MACOHA, ndipo maganizo a nthawiyo anali akuti munthu waulumali ndi wofunika kumusamala ndi kumuphunzitsa ntchito zamanja. Zoti angakhale pa msonkhano wokonza mapulani a mudzi sizinkaganiziridwa.

Zinthu zinayamba kusintha anthu aulumali atayamba kudzilankhulira okha kudzera m'mabungwe awo, monga MANAD la anthu osamva, Malawi Union of the Blind la osaona, APAM la anthu achialubino, ndi FEDOMA lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liwasonkhanitse pamodzi. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Gawo 11 la panganoli limalamula maboma kuteteza anthu aulumali pa nthawi ya nkhondo ndi ngozi zachilengedwe, pomwe magawo 9 ndi 21 amanena za ufulu wolandira uthenga m'njira imene munthu angathe kuigwiritsa ntchito. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linatsatira. Mu 2015 maiko anagwirizana ku Sendai, m'dziko la Japan, kuti anthu aulumali azitenga nawo mbali pokonza ndondomeko zochepetsera ngozi.

Namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa oposa 600,000 makamaka m'chigawo chakumwera, ndiye anafulumizitsa Nyumba ya Malamulo kuvomereza lamulo latsopano la ngozi mu Epulo chaka chomwecho. Lamuloli limatsindika kukonzekera ndi kupewa. Mu 2024 kunabweranso lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo MACOHA inasanduka MACODA. Pa pepala, Malawi sali m'mbuyo. Vuto lili pa mtunda wa pakati pa pepalalo ndi khomo la munthu wa kwa Ganya kapena kwa Phambala.

Pamene uthenga umadukira

Chenjezo limayenda motere: lichoka ku nthambi yoona zanyengo ndi DoDMA, lifika ku khonsolo ya boma, kenako ku komiti ya ngozi ya kwa mfumu yaikulu, ndipo pomaliza ku komiti ya kwa gulupu. Pambali pa njirayi pali wailesi, wailesi yakanema, mauthenga a pa foni ndi magulu a WhatsApp. Kumudzi, komiti imagwiritsa ntchito chimkuzamawu, wenzulo, ng'oma, belu la tchalitchi kapena mnyamata wa mfumu wofuula madzulo.

Tikayang'anitsitsa, pafupifupi njira zonse za kumudzizi ndi za khutu. Munthu wosamva ali kunja kwa zonsezo. Ena amayankha kuti MBC imaika womasulira m'chinenero cha manja pa nkhani za pa kanema, monga tinkaonera nthawi ya Covid-19. Zimenezo n'zabwino, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi mabanja pafupifupi 12 okha mwa 100 alionse amene anali ndi wailesi yakanema, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'tauni. Kuwonjezera apo, namondwe akafika magetsi ndiwo amayamba kuthima, monga zinachitikira mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira.

Pali chinanso chozama. Chinenero cha manja cha Malawi chimaphunziridwa makamaka kusukulu za ana osamva, monga ya Mua ku Dedza kapena Maryview ku Chiradzulu, ndipo buku lake lotanthauzira mawu linatuluka mu 2021. Munthu wosamva amene sanapite kusukulu zoterezi amalankhula ndi zizindikiro zimene anapangana ndi a pabanja pake, zomwe mlendo sangazimve. Womasulira wa pa kanema sangamuthandize, ndipo uthenga wolembedwa pa foni sungamuthandizenso ngati sadziwa kuwerenga. Amene angamufikire ndi mchemwali wake, mwana wake kapena mnzake wokulira naye limodzi. Ngakhale Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo chathandiza anthu ambiri, chimafuna munthu woti ayimbe, alankhule ndi kumva yankho.

Kwa wosaona, wailesi ndi bwenzi lenileni, ngakhale kuti kalembera yemweyo anapeza wailesi m'banja limodzi lokha mwa atatu alionse. Vuto lake limabwera pambuyo pa uthenga. Munthu wosaona amayenda m'mudzi mwake pokumbukira njira: mtengo uli apa, mwala uli apo, ngalande ili pakutipakuti. Madzi ndi mphepo zimafafaniza zizindikiro zonsezi mu usiku umodzi. Mauthenga enanso amalankhula ngati aliyense akuona, monga akuti madzi akafika pa chizindikiro chofiira thawani. Ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, malangizo ena anali pa zikwangwani zomata m'zipatala ndi m'misika. Zilembo za Braille zimathandiza amene anaziphunzira, koma ambiri amene amasiya kuona atakula kale sanaziphunzirepo.

Anthu ovutika kuyenda uthenga amaumva bwino lomwe. Chowasowa ndi nthawi ndi manja owanyamula. Njinga ya olumala siyenda m'matope, ndipo pothawa mwaphuma imasiyidwa pamodzi ndi ndodo zoyendera. Munthuyo amafika kumsasa wamoyo koma atalandidwa ufulu woyenda yekha, ndipo kupeza njinga ina kungatenge zaka.

Gulu loiwalika kwambiri ndi la anthu ochedwa kumvetsa zinthu ndi odwala matenda a m'maganizo. Chiganizo chakuti pali chiyembekezo cha mvula yamphamvu m'madera ena a chigawo chapakati sichiuza munthu chochita. Chofunika ndi mawu achidule, onena chinthu chimodzi: madzi akubwera usiku uno, tiyeni kusukulu tsopano. Kunena zoona, mawu otere ndi amene wina aliyense amawamva bwino, kaya ali ndi ulumali kaya alibe.

Moyo wa kumsasa

Nthawi zambiri anthu othawa madzi amasungidwa m'makalasi ndi m'matchalitchi. Zimbudzi za malo amenewa ndi zokumba, za khomo lopapatiza, zopanda pogwira, ndipo anthu akachuluka zimakhala zonyowa. Munthu wokwawa amayenera kuika manja ake pansi pomwepo. Ena amachepetsa kudya ndi kumwa kuti asapiteko kawirikawiri.

Thandizo likafika, maina amaitanidwa pakamwa, ndipo wosamva sadziwa kuti dzina lake ladutsa. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limafuna wonyamula, ndipo wonyamulayo nthawi zina amafuna gawo lake. Wodwala khunyu amene mankhwala ake apita ndi madzi akhoza kuyamba kugwa pafupipafupi. Anthu achialubino amataya mafuta oteteza khungu ndi zipewa, komanso amagona pamalo opanda chitseko m'dziko limene, kuyambira 2014, anthu achialubino akhala akuphedwa ndi kubedwa. Atsikana ndi amayi osamva kapena ochedwa kumvetsa zinthu ali pa chiopsezo chachikulu cha nkhanza, chifukwa wochita nkhanzayo amadziwa kuti n'kovuta kuti akamunenere. Zinthu ngati zimenezi zikamveka m'mudzi, mabanja ena amasankha kusapita kumsasa n'komwe. Choncho msasa wosakonzedwa bwino umafooketsa chenjezo la chaka chotsatira.

Zimene zikudziwika

Zoti anthu aulumali amafa mochuluka pa ngozi si nkhani yongoganizira. Pa chivomezi ndi madzi a m'nyanja amene anakantha Japan mu 2011, kafukufuku anaonetsa kuti anthu aulumali anafa pa mlingo woposa wa anthu ena pafupifupi kawiri, m'dziko lomwe lili ndi zida zochenjezera zapamwamba. Mu 2023 nthambi ya United Nations yoona zochepetsa ngozi inafunsa anthu aulumali m'maiko ambiri, ndipo 84 mwa 100 alionse anati alibe dongosolo la momwe angadzipulumutsire. Mu 2013 chiwerengerocho chinali 71. Zaka khumi za mapangano sizinasinthe zinthu pakhomo.

Chodziwikanso n'chakuti pa maola oyamba a ngozi, opulumutsa anthu ambiri ndi achibale ndi anansi. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross amafika pambuyo, makamaka milatho ikaduka. Ndipo palibe amene amatsutsa kuti uthenga woperekedwa m'njira zingapo nthawi imodzi, wa khutu, wa maso ndi wa munthu wogogoda pakhomo, umafika patali kuposa wa njira imodzi.

Zimene anthu amasiyana maganizo

Mkangano woyamba ndi wa kaundula. Ena amati komiti iliyonse ya kwa gulupu ikhale ndi maina a anthu onse aulumali, nyumba zawo ndi thandizo limene angafune, chifukwa munthu amene sunamuwerenge sungamukonzekere. Ena amaopa. Mndandanda wosonyeza nyumba imene mukugona mwana wachialubino ukagwa m'manja olakwika ndi ngozi payokha. Palinso mabanja amene amabisa mwana waulumali chifukwa cha manyazi, ndi anthu amene amalembetsa poganiza kuti kukubwera thandizo, n'kukhumudwa likapanda kubwera. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Njira yooneka yanzeru ndi yakuti munthu alembedwe atavomera yekha, kulembedwe zimene akufunika osati dzina la matenda ake, ndipo tsatanetsatane asungidwe ndi anthu ochepa odziwika, monga mlangizi wa zaumoyo wa deralo. Kukhonsolo kungapite ziwerengero zokha.

Wachiwiri ndi wa zipangizo zamakono. Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, analengeza cholinga chakuti pofika 2027 munthu aliyense padziko akhale wotetezedwa ndi ndondomeko yochenjeza, ndipo chiyembekezo chachikulu chili pa foni za m'manja. Foni imanjenjemera, imawala, imalankhula, motero ingathe kufikira wosamva ndi wosaona yemwe. Otsutsa amakumbutsa kuti mu 2018 mabanja okhala ndi foni anali ongopitirira theka pang'ono, kuti foni ya pabanja imakhala m'thumba la bambo osati la waulumaliyo, ndiponso kuti netiweki m'zigwa za m'mapiri ndi yosadalirika.  Foni ndi yothandiza, koma kwa Ntcheu wa lero singalowe m'malo mwa munthu.

Wachitatu ndi wakuti udindo ndi wa yani. Pa chikhalidwe chathu, wodwala ndi waulumali ndi wa banja, ndipo ena amati boma lisalowerere pa zimene abale akuchita kale. Koma wosamalayo kawirikawiri amakhala mayi mmodzi kapena agogo, amenenso ali ndi ana aang'ono oti awabereke, ndipo amuna ambiri a mphamvu ali kutauni kapena ku Joni. Ngozi ikhozanso kufika iye ali kumunda kapena kumsika wa Kampepuza. Kusiyira banja lokha ndi kuika moyo wa munthu pa mwayi.

Palinso kusiyana pa nkhani ya malo ogona. Ena amafuna chipinda chapadera cha anthu aulumali kumsasa kuti atetezedwe. Mabungwe a anthu aulumali nthawi zambiri amakana kupatulidwa, ponena kuti kumalekanitsa munthu ndi abale amene amamuthandiza. Chipinda chapafupi ndi chimbudzi ndi mjigo, chokhala ndi chitseko, momwe munthu angagone ndi banja lake ngati wafuna, chimayankha nkhawa zonse ziwiri.

Zotheka kuchita mvula isanagwe

Zambiri mwa zofunika sizilira ndalama za mabungwe akunja. Chachikulu n'chakuti munthu aliyense wofunika thandizo akhale ndi anthu awiri odziwika maina, osankhidwa ndi iye mwini, amene ntchito yawo wenzulo ikalira ndi kupita pakhomo pake asanapite kwina. Akhale awiri chifukwa mmodzi akhoza kukhala atachoka. Kwa wosamva, apangane chizindikiro masana dzuwa likuwala: tochi yowalitsidwa pawindo katatu, nsalu yofiira pamtengo wa pabwalo, kapena kugwedeza phewa m'njira yodziwika. Njira yopita kumalo othawirako aiyende limodzi mu Okutobala, ali ndi njinga kapena ndodo yake, kuti chigwembe chofunika kukwirira chidziwike nthawi ilipo. Buku la kuchipatala, mankhwala ndi chiphaso cha unzika zikhale m'jumbo imodzi pamalo odziwika.

Makomiti a ngozi, kuyambira kwa gulupu mpaka kukhonsolo, akhale ndi anthu aulumali monga mamembala olankhula ndi kuvota. Kumuitana munthu wosamva kumsonkhano wopanda womasulira, kapena kuchitira msonkhano m'chipinda chokwera masitepe, ndi kungodzaza dzina pa pepala. Anthu amenewa ndiwo amadziwa pamene njira imavuta, chifukwa amalimbana nayo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a iwo angathe kukhala ofalitsa uthenga kwa anzawo.

Khonsolo ya Ntcheu, monga makhonsolo ena, imakonza dongosolo lokonzekera ngozi za dzinja. M'dongosolo limenelo muyenera kuoneka sukulu ndi matchalitchi othawirako amene ali ndi chimbudzi cholowa njinga ya olumala, dzina la womasulira chinenero cha manja amene angaitanidwe, ndi ndalama zogulira ndodo ndi njinga zotayika. Malipoti a ngozi asamangonena mabanja okhudzidwa, azinenanso kuti mwa anthuwo aulumali ndi angati. Mafumu, kuyambira Inkosi ya Makhosi Gomani V mpaka nyakwawa, ali ndi mphamvu yoti nkhaniyi ikambidwe pabwalo, ndipo atsogoleri a mipingo ndi mizikiti amakumana ndi anthu sabata iliyonse.

Inu amene muli mu komiti ya ngozi ya m'mudzi mwanu, pa msonkhano wotsatira funsani kuti ndani adzadzutse munthu wosamva wa m'mudzimo madzi akadzabwera usiku. Ngati palibe dzina limene latchulidwa, musabalalike mpaka litapezeka.